Yankho kwa amalume pa nkhani ya ngongole za mayiko

Amalume, mwaswera bwanji? Ndaliona funso lanu pagulupa, loti bwanji mayiko ang'onoang'ono osaukawa sakungowakhululukira ngongole ngati kale. Kulemba kunditalikira, ndingoyankhula.

Eetu, kukhululuka kunachitikadi. Mu 1996 IMF ndi World Bank anayambitsa ndondomeko ya HIPC, yochepetsera ngongole mayiko osauka omwe zinawachulukira, kenako mu 2005 mayiko a G8, gulu la mayiko asanu ndi atatu amphamvu pa chuma, anamvana ku Gleneagles ku Scotland zofafaniza ngongole zambiri za mayiko osauka. Komatu nthawi imeneyo okongoza anali ochepa, odziwana bwino: maboma olemera a gulu la Paris Club ndi mabanki akuluakulu a chitukuko aja. Kungowakhazika pamodzi, nkhani inkatheka.

Pano zasintha. Tengani Zambia. Pakati pa 2012 ndi 2015 boma lakumeneko linagulitsa ma Eurobond atatu, onse pamodzi madola 3 biliyoni. Eurobond, amalume, ndi chikalata cha ngongole chomwe boma limagulitsa kunja, ndipo woguladi amatha kuchigulitsanso kwa wina mawa lake. Ndiye amene anakupatsa ndalama si amene adzabwere kudzaitanitsa. Zikalatazo zimakathera kwa makampani osunga ndalama ku London ndi New York, ndipo ndalamazo si zawonso ayi, zina ndi za penshoni za anthu wamba akumeneko. Muwauze bwanji amenewo kuti akhululuke? Mbali ina kuli mabanki a ku China amene anakongoza ndalama zomangira misewu ndi malo opangira magetsi.

Mu Novembala 2020 Zambia inalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni pa bond imodzi. Imvanitu mmene zinakokera. Maboma okongoza, motsogozedwa ndi China ndi France, anadzavomera kukonzanso ngongole yawo ya madola 6.3 biliyoni mu Juni 2023. Pamene Zambia inamvana ndi eni ma bond kumapeto kwa chaka chomwecho, maboma aja anakana, ati eni ma bond aja awanyengerera kwambiri. Zinadzatheka mu 2024. Aliyense amaopa kuti akadula gawo lake, ndalama zopulumukazo zikalemeretsa mnzake. Apo nthawi yonseyo dziko silingakongolenso bwinobwino, ntchito zayima. Ineyo ndimaona kuti apa ndi pomwe pali vuto lenileni, kuposa kukula kwa ngongoleyo.

Azakhali anayankha kuti boma lingosindikiza ndalama n'kubweza. Pepani azakhali, sizingatheke. Ngongole zakunjazi zambiri zili m'madola, pomwe boma limatolera msonkho mu ndalama yakeyake, ndipo makina osindikiza madola ali ku America kokha. Dziko laling'ono limapeza madola pogulitsa kunja zinthu ziwiri kapena zitatu basi, monga mkuwa kwa Zambia. Mtengo wake ukagwa, kapena ndalama yadzikolo ikatsika mphamvu, ngongole yomweyo imafufuma popanda kukongolanso kalikonse.

Ndi zomwe zinachitika mu 2022 banki yaikulu ya America itayamba kukweza chiwongoladzanja. Dola inakwera mphamvu, osunga ndalama anathawira kumeneko, Sri Lanka inalephera kulipira, Ghana nayonso inaimitsa kubweza mu Disembala. Ndiye mukamva pawailesi kuti dziko lakuti lili ndi ngongole yakutiyakuti, muzifunsanso kuti wayisunga ndani, ndipo ili mu ndalama iti. Ya World Bank imabwezedwa zaka zambirimbiri pa chiwongoladzanja chochepa, pomwe bond yomaliza ya Zambia ija inali pafupifupi 9 peresenti.