Achimwene amene mukusamukira ku Mulanje, wikendi kuno imayenda chonchi

Achimwene mwafunsa kuti poti akusamutsirani ntchito kuno ku Mulanje mwezi wamawa, kodi anthu timatani Loweruka ndi Lamulungu, chifukwa ena akuuzani zoti kuno kulibe chochitika, ndi tiyi ndi phiri basi. Ndaona ena akukuyankhani kuti mudzakwere Sapitwa, mudzakasambe ku Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula. Zimenezo nzabwino ndipo mudzapite ndithu, koma munthu wokhala kuno sakwera phiri sabata iliyonse ayi, Sapitwa ndi mamita 3,002 ndipo ulendo wake umafuna masiku angapo, wokuperekezani komanso kandalama. Ine ndingokufotokozerani mmene wikendi yathayi inandiyendera poti ndi mmene imayendera kwa ambiri a ife, ndimakhala chakufupi ndi Chitakale ndi banja langa.

Loweruka ndinadzuka kukadali kamdima chifukwa ufa unali utatsala pang'ono m'ndowa. Madamu anali atapeta kale chimanga Lachisanu madzulo, ine yanga inali yomanga thumba panjinga nkupita kuchigayo. Chigayo cha Loweruka musamachedwe nacho, ikamakwana 8 koloko mzere wa mabeseni umakhala wafika kunja, komanso aliyense amathamangira mmawa poopa kuti magetsi angazime asanagayitse. Ndinapeza azimayi angapo atafika kale, ena ndi mphale yonyika yoti akapange ufa woyera, ife kwathu masiku ano ndi mgaiwa kwambiri poti thumba limakhalitsa kusiyana ndi kukonola. Pamzere pomwepo nde ndinamva zoti bambo ena achikulire a mudzi wa kuseri kwathu atisiya usiku. Pulogalamu yonse inasintha pomwepo. Ichi muchigwire achimwene, kuno uthenga wa maliro ukakupezani simunena kuti ndine mlendo sindikuwadziwa, mumapita, mumakakhala pansi ndi azibambo anzanu ngakhale ola limodzi, mumapereka kachipepeso kwa amene akulemba m'buku, ndipo anthu amaona. Ndinasiya ufa kunyumba, ndinasintha malaya nkupita. Malemuwo anali mkamwini pamudzipo ndiye achibale anagwirizana zokawaika kwawo ku Phalombe, galimoto itanyamuka ife tinabalalika dzuwa lisanafike pamutu.

Kuchoka pamenepo ndinalunjika pa Chitakale ndi kapepala kamene madamu anandilembera. Chitakale ndi pamene msewu wa ku Likhubula ndi Phalombe umapatukira, ndiye Loweruka pamakhala piringupiringu, maminibasi a ku Limbe ndi a ku Muloza akuitanira, akabaza a njinga zamoto ali ponseponse, mashopu onse ali otsegula. Ndinayamba ndi kwa ejenti kutumiza ndalama pa Mpamba kwa amayi anga ku Luchenza kuti agulire mankhwala ndi sopo, pomwepo ndinagulanso mayunitsi a magetsi poti mita inali itayamba kulira. Kenako nsapato ya mwana wanga wamkulu imene inang'ambika sabata yoyamba yomwe sukulu atsegulira, ndinaisiya kwa wosoka nsapato pakhonde la shopu nkulowa mumsika. Tomato, anyezi, usipa wa mbale imodzi, mafuta ophikira oyeza, ndi nandolo yaiwisi imene nyengo ino yachuluka. Nandolo ya kuno achimwene, yophika ndi chinangwa kapena yothira tomato nkudyera nsima, mudzaiwala nyemba. Zinanazi ndinagulanso ziwiri, kuno ndi kwawo kwa zinanazi ndipo mtengo wake sungafanane ndi wa mtauni. Mitengo ya zinthu za m'shopu nde yakwera ngati kwina kulikonse, chichokereni kugwa kwa kwacha kuja kwa Novembala 2023 palibe chinabwerera mmbuyo, koma za kudimba ndi zipatso kuno zimatipepukirako.

Chinthu chimodzi chimene ndimachikonda pa maulendo a Loweruka amenewa nchakuti simungayende mamita ochepa osaimitsidwa. Uyu akufunsa za ana, uyu akukuuzani kuti feteleza wafika pa shopu yakutiyakuti, wina mnzanga amene amagwira ntchito ku esiteti ya tiyi anandiimitsa nthawi yaitali kundifotokozera za nyumba imene akumanga, akuthamangira kuti afolere mvula isanayambe chifukwa ikangoyamba iye ntchito imamuchulukira, tiyi amathyoledwa kwambiri nthawi ya dzinja. Ntchito yoti mukanaimaliza msanga imakutherani mmawa wonse, koma sinditenga zimenezo ngati kutaya nthawi. Ndinamalizira ku babashopu kumetetsa, ndipo kumeneko nde mpira umayambira, mkangano wa ndani asewere ndani akhale pabenchi unali utayaka kale masewero asanayambe.

Za kanema kunyumba ndisakunamizeni, Loweruka masana rimoti siyanga. Ana amakhala atamaliza kuchapa mayunifomu awo ndipo makatuni ndi malipiro awo, kenako madamu ndi anzawo oyandikana nawo amaonera mafilimu a ku Nigeria uku akusenda nandolo, ndipo ine ndimaona kuti nzoyenera chifukwa sabata yonse iwo sapeza mpata wokhala pansi. Komanso phukusi limene timalipira pa dikoda yathu silionetsa masewero onse a ku England, lokhala ndi masewero onse ndi lodula. Nde nditadya nsima ya usipa ndinapumulako pang'ono nkunyamuka wa ku vidiyo shoo.

Vidiyo shoo imene ndimapitayo ndi kanyumba ka malata, mabenchi a matabwa, makanema awiri kutsogolo ndi jenereta kuseri, panja pali bolodi lolembapo ndi choko masewero a tsikulo ndi nthawi yake. Mumalipira pakhomo nkulowa. Nyengo ino masewero amene ku England amayamba 3 koloko kuno amayamba 4 koloko, koma kumapeto kwa Okotobala iwo akabweza mawotchi awo amayamba 5 koloko, ndiye musadzadabwe. Mkatimo mumatentha ngati uvuni wa njerwa makamaka tikamalowa Okotobala, koma palibe amatuluka. Ine ndine wa Arsenal, pabenchi lomwelo pamakhala a Manchester United, a Chelsea, a Liverpool, aphunzitsi, akabaza amene aimika njinga panja, ogulitsa mumsika, wapolisi amene waweruka, tonse phewa ndi phewa. Chigoli chikalowa denga lija limachita kugwedezeka. Timu yanga inapambana movutikira ndipo mphindi zomaliza ndinaonera chiimire, mnyamata wina amene sindimudziwa ndi dzina lomwe anandigwira dzanja mpaka wezulo yomaliza. Anzanga ambiri amene ndili nawo kuno, amene anandithandiza pamene mwana anadwala usiku ndikufuna wondinyamula kupita naye kuchipatala, ndinadziwana nawo pa mabenchi amenewa. Nchifukwa chake ndikuti ngakhale mutakhala ndi ndalama zolipirira masewero onse kunyumba kwanu, musadzitsekere mnyumba, mudzipitako kumene kuli anthu.

Pali chimodzi chokha chimene chimandiwawa mmenemo, ndi nkhani ya kubetcha. Anyamata ang'onoang'ono, ena oti akadali ku sekondale, amalowa atagwira timapepala kapena maso ali pafoni, sakuonera mpira ayi, akungowerenga makona ndi zigoli za masewero asanu nthawi imodzi. Timu yake yomwe ikagoletsa iye nkukhumudwa chifukwa pepala lake limafuna zina. Ndinaona mmodzi Lowerukali atang'amba pepala nkutuluka mpira usanathe nkhope itagwa, ndipo ndikudziwa kuti ndalama imeneyo anaivutikira ndi maganyu. Ndimawalankhula amene ndimawadziwa makolo awo, ena amamva ena ayi.

Musaganize kuti tinaiwala mpira wa kwathu kuno. Panja pa vidiyo shoo pamakhala madala ena ndi kawailesi kawo akumvera ligi yaikulu ya kuno ku Malawi, iwo za ku England alibe nazo ntchito, ndipo pa hafu taimu tonse timathamangira kwa iwo kufunsa kuti masewero a kuno akuyenda bwanji. Kuno anthu anagawikana pakati pa Bullets ndi Wanderers, Maule ndi Manoma, a Silver Strikers aliponso ndipo anachulukako pamene timu yawo inatenga ligi mu 2024. Tsiku limene Bullets ndi Wanderers akumana ena amakwera minibasi mmawa kudzera msewu wa Midima kukaonera okha ku Blantyre nkubwerera usiku womwewo. Mu 2024 momwemo timu ya kwathu konkuno ya FOMO inasewera mu Super League, matimu akuluakulu ankabwera pa Mulanje Park ndipo ana amene ankangowamva osewera pawailesi anawaona ndi maso. Inatuluka mu ligi chaka chomwecho koma anthu mpaka pano amakambabe za masiku amenewo.

Ndipo mukafuna kudziwa mmene anthu a kuno amaukondera mpira mudzafunse za usiku wa pa 25 Januwale 2022, pamene Flames inakumana ndi Morocco mu ndime ya matimu 16 ya AFCON ku Cameroon. Namondwe Ana anali atangogwa kumene, mitsinje itasefukira, ku Kapichira kutawonongeka, dziko lili mumdima. Anthu anayenda m'matope ndi matochi kusaka pamene pakulira jenereta. Gabadinho Mhango atamenya mpira uja ali kutalitali nkulowa, anthu anakumbatirana osadziwana, ena mwa iwo nyumba zawo zinali zitagwa dzulo lake. Tinagonja 2-1 koma sindinaonepo anthu akutuluka mu vidiyo shoo atagonja ali onyada ngati usiku umenewo.

Lamulungu mmawa ndi kutchalitchi, pamenepo palibe zambiri zoti ndinene, mipingo ilipo yonse ndipo mudzapeza wanu. Titaweruka tinadya mpunga ndi nkhuku ya lokolo imene apongozi anatipatsa, pa kanema pali makwaya.

Koma chimene ndimachidikira kwambiri wikendi yonse ndi Lamulungu masana, mpira wa pa bwalo la sukulu ya pulayimale ya kwathu. Palibe kulipira, palibe mpanda, magolo ndi mitengo ya bulugama yopanda neti, mizere amathira phulusa. Anyamata a mudzi wathu anasewera ndi a mudzi wa kutsidya kwa mtsinje, timu ina ili ndi yunifomu yathunthu imene wina wa ku Joni anawatumizira, ina majezi osiyanasiyana, ena avala nsapato za mpira ena ali chabe ndi zidendene zawo. Refu ndi mphunzitsi wa pasukulupo ndipo anthu amamulemekeza. Mmbali mwa bwalo azimayi ayala zitumbuwa, mandasi, nzimbe, chinangwa chokazinga, kumbali inayo atsikana akusewera netibolo ndipo nawonso ali ndi owachemerera awo osachepa. Ndinapita ndi ana anga onse, wamng'onoyo ndinamunyamula paphewa. Mpira wake achimwene ndi weniweni, wothamanga, wa mtima wonse, pali kamnyamata kena kamasewera kumanzere koonda koma mpira ukakhala kumwendo kwake bwalo lonse limaimirira, ndipo ndimadzifunsa kuti kakanakhala ku Blantyre kapena ku Lilongwe bwenzi pano kali pati. Ana oterewa m'midzi ya Mulanje ndi Thyolo alipo ambiri, chimene akusowa ndi owaona komanso mipira yeniyeniyo, nthawi zina masewero amaima kudikira mpira umodzi womwewo umene wagwera m'munda wa chinangwa. Athu anagoletsa chakumapeto ndipo ana onse, anga omwe, anathamangira m'bwalo akuchita mapidigoli, azimayi nthungululu, refu anachita kudikira kuti bwalo liyere. Zinatha 1-0. Amfumu analipo pampando wawo pansi pa mtengo wa mango ndipo atatha masewero anaitana makaputeni onse awiri kuwayamika kuti panalibe ndewu.

Tinabwerera kunyumba kukuda, ana anasamba, madamu anasita mayunifomu ine ndikupukuta nsapato ija ndinakatenga kwa wosoka, tinaonera nkhani pa Zodiak ndi pa Times kenako zigoli za masewero a tsikulo, wamkuluyo anakumbukira mochedwa kuti ali ndi homuweki ya masamu nde tinakhala naye patebulo mpaka inatha.

Pofunafuna nyumba yesetsani ikhale pakati pa Boma ndi Chitakale kuti zambiri muziyenda wapansi kapena pa njinga, mufunsenso za madzi ndi netiweki musanalipire. Mubwere ndi juzi yolemera ndi jekete ya mvula, panopa kwayamba kutentha koma Juni ndi Julayi chiperoni chikatsika m'phirimu mumatha masiku dzuwa osaliona, ndipo mvula ya kuno ndi yambiri kuposa imene munazolowera. Ngati muli ndi mpira kapena nsapato za mpira zimene simukugwiritsa ntchito musazisiye, anyamata a pa bwalo paja adzazilandira ndi manja awiri. Mukafika mundilembere ku inbox, Loweruka loyambalo ndidzakutengani tikazungulire mumsika kenako tikakhale pa benchi, mungondiuziratu kuti mumachemerera timu yanji.