Botolo la 2021 ndi la 2023: bwanji vinyo wa dzina limodzi akukoma mosiyana?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Chilomoni. Akuti pa chinkhoswe cha mwana wa achemwali awo anagula mabotolo awiri a vinyo wofiira wa mphesa za mtundu wa Cabernet Sauvignon, wa ku Stellenbosch ku South Africa. Dzina limodzi, mtengo umodzi, pa shelefu imodzinso, koma lina linalembedwa 2021, lina 2023. Wa 2021 akuti anali wodzaza m'kamwa, pomwe wa 2023 anali wopepuka ndi wowawasa pang'ono. Funso lawo ndi lakuti: kodi chaka chimenechi chikutanthauza chiyani, nanga sanawagulitse wachinyengo?

Mayi, zikomo chifukwa chondilembera, ndipo mtima ukhale m'malo. Lilime lanu silinakunamizeni. Chaka cha pa botolo chija ndi chaka chimene mphesazo zinathyoledwa m'munda, sichikunena za tsiku lothera mphamvu ayi. Ku South Africa kuli lamulo lotchedwa Wine of Origin, lomwe linayamba mu 1973, ndipo limafuna kuti ngati botolo lalembedwa chaka, magawo osachepera 85 pa 100 alionse a vinyoyo akhale a mphesa za chaka chimenecho. Ndiye munamwa zokolola za zaka ziwiri zosiyana. Inu mukudziwa kuti mbatata ya munda umodzi, mbewu yomweyo, chaka china imatuluka yaufa, chaka china yamadzi. Mphesa nazo zili choncho, kungoti izo zimamva nyengo kuposa mbatata, ndipo botolo limasunga zimene zinamvazo.

Nyengo ya ku Western Cape, komwe kuli Stellenbosch, Paarl ndi Franschhoek, ndi yotembenuka poyerekeza ndi yathu. Mvula yawo yambiri imagwa m'nyengo yozizira, kuyambira cha m'Meyi mpaka Ogasiti, nthawi imene ife kuno tikufunda majuzi chifukwa cha chiperoni. Pamenepo mpesa umakhala utayoyola masamba onse, uli mtulo, ndipo alimi amaudulira. Kuzizirako n'kofunika: mpesa wogona bwino umaphukira pamodzi, nthambi zonse nthawi imodzi, cha m'Seputembala. Maluwa amabwera mu Okutobala ndi Novembala, timaluwa tating'onoting'ono tosaoneka n'komwe, ndipo mphepo kapena mvula ikavuta masabata amenewo matsango amakhala apatalipatali. Kumapeto kwa Disembala kulowa mu Januwale mphesa, zomwe zinali zobiriwira ndi zolimba ngati nandolo, zimayamba kufewa ndi kusintha mtundu. Kukolola kumayamba kumapeto kwa Januwale, kwa mitundu yocha msanga, mpaka Malichi kapena Epulo kwa yochedwa. Cabernet Sauvignon wanuyo ali m'gulu la zochedwa. Musaiwale mfundo imeneyi, tibwereranso.

Masabata omaliza aja ndiye pagona nkhani. Mkati mwa mphesa iliyonse shuga amakwera, kuwawasa kumatsika, ndipo khungu ndi njere zimakhwima pa liwiro lawolawo. Mlimi amafuna zitatuzi zikumane pa tsiku limodzi. Dzuwa likanyanya, shuga amathamanga khungu lisanakhwime, ndipo vinyo amatuluka waukali koma wopanda fungo labwino. Kukakhala kozizirira bwino, makamaka usiku, zonse zimayenda pang'onopang'ono n'kufikira limodzi. Mvula ikagwa pafupi ndi kukolola, mizu imamwa madzi, mphesa zimafufuma, kukoma kumasungunuka, zina zimang'ambika n'kuyamba chuku. Apa mlimi amakhala pa mphanda: athyole msanga zisanapse bwinobwino, kapena adikire mwina n'kutaya zonse.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti madzi a mphesa zakuda si ofiira. Mukafinya imodzi pa mbale yoyera mudzaona madzi oyera mbee, mwina obiriwirako. Kufiira konse kuli m'khungu. Popanga vinyo wofiira amaphwanya mphesa n'kuzisiya kuti ziwire pamodzi ndi makungu ake kwa sabata imodzi, awiri kapena kuposerapo, yisiti ikusandutsa shuga kukhala mowa, makungu akutulutsa mtundu ndi chinthu china chotchedwa tannin. Tannin mukumudziwa ngakhale dzina simunalimvepo. Ndi uja amaumitsa m'kamwa ndi kukhakhalitsa lilime mukaluma nthochi yosapsa, kapena mukamwa tiyi wa ku Thyolo amene masamba akhalitsa m'ketulo, wopanda mkaka. Mphesa zazing'ono zimakhala ndi khungu lambiri poyerekeza ndi madzi ake, choncho vinyo wake amakhala wakuda ndi wolemera. Zofufuma ndi mvula zimapereka wopepuka. N'chifukwa chake pa chilala chija cha 2015 mpaka 2018, pamene mzinda wa Cape Town unatsala pang'ono kuuma mipopi, zokolola za 2018 zinachepa kwambiri, koma mphesa zake zinali zazing'ono ndi zamphamvu.

Tsopano tibwere ku mabotolo anu. Nyengo ya 2021 ku Cape inali yozizirira, mphesa zinacha mosafulumira ndipo kukolola kunachedwa ndi pafupifupi masabata awiri. Mitundu yofiira yochedwa imakonda chaka chotere. Mu 2023 chilimwe chawo chinathera m'mvula: Malichi anali wonyowa, pa nthawi yeniyeni imene Cabernet Sauvignon anali adakali pa mpesa. Ndikatchula Malichi 2023 mtima wanga umathamangira ku Chilobwe ndi kuphiri la Soche, ku abale amene namondwe Freddy anatilanda. Mvula ya ku Cape sinali ya Freddy, ndipo kutaya mphesa sitingakuyerekeze n'komwe ndi kutaya anthu. Ndangoti mudziwe kuti mwezi umenewo alimi a kumeneko nawo ankayang'ana kumwamba ndi nkhawa, ena n'kuthyola msanga kuti apulumutseko kena kake. Zimene mwafotokoza, kupepuka ndi kuwawasako, zikugwirizana ndi chaka chotero. Onjezaninso kuti wa 2021 anali atakhala zaka ziwiri zoonjezera, ndipo nthawi imafewetsa tannin.

Komatu musatengere pamenepa kuti vinyo wakale aliyense ndi wabwino. Ambiri amene timagula m'masitolo a mu Blantyre ndi ku Limbe anapangidwa kuti amwedwe m'zaka zochepa, sakuyenera kudikira ukwati wa mdzukulu.

Palinso china chimene sichichokera kumunda. Botolo limayenda ulendo wautali pa thiraki kuti lifike kuno, nthawi zambiri kudzera ku Zimbabwe, ku Tete, n'kulowera pa Mwanza, ndipo amene anadutsako ku Tete mu Okutobala akudziwa kutentha kwake. Vinyo amadana ndi kutentha ndiponso kuwala. Ine ndinagulapo botolo pa sitolo ina m'tauni muno lomwe linali pa windo loyang'ana kumadzulo. Nditalitsegula kunyumba linkanunkha ngati jamu wopserera, mtundu wake utapita ku bulauni, ndipo ndinamva chisoni poganiza za anthu amene anathyola mphesazo ndi manja m'bandakucha. Ndiye pogula tengani botolo la kumbuyo kwa shelefu, komwe kuli mthunzi. Mukaona kuti vinyo wadontha m'khosi mwa botolo kapena chotsekera chatukuka, lisiyeni. Kunyumba liikeni pansi m'kabati ya chipinda chozizirira, kutali ndi mbaula. M'miyezi yotentha, liikeni mufiriji kwa mphindi 20 kapena 30 musanathire m'matambula. Vinyo wofiira wofunda amangomveka ukali wa mowa basi.

Munafunsanso kumapeto kwa imelo yanu ngati mphesa zotere sizingalimidwe kwathu kuno. Mpesa umamera ndithu. Azakhali anga ku Chigumula ali nawo umodzi umene unayanga pa khonde lonse la kuseri. Amaudulira mu Julayi, mu Seputembala umakhala utaphukira masamba anthete owala, ndipo pofika Novembala matsango amalendewera mokongola moti aliyense wobwera amaima kaye kuyang'ana. Kenako mvula imayamba. Chaka chathachi ndinapitako mu Januwale kutagwa mvula ya masiku atatu. Ndinagwira tsango limodzi, mphesa zinali zitang'ambika m'mbali, mavu ali piringupiringu, kumasamba kuli chuku choyera kunsi kwake. Azakhali anangoti, "Mwanawe, chaka chili chonse zimatere zikangotsala pang'ono." Vuto lathu ndi limenelo: mvula yathu ya Novembala mpaka Epulo imagwa pa nthawi imene mphesa zikufuna dzuwa ndi mphepo youma.

Njira ilipo. Anzathu a ku Dodoma ku Tanzania, dera louma, amalima mphesa za vinyo ndipo amakolola kawiri pa chaka. M'maiko otentha alimi amasintha nthawi yodulira kuti mpesa ubereke m'chilimwe, n'kumathirira okha. Ndinawauza azakhali kuti chaka chino tiyese kudulira mvula ikangosiya, cha mu Epulo, tizithirira ndi madzi a pachitsime, tione ngati matsango angapse mu Seputembala kapena Okutobala mvula isanabwere. Avomera, ngakhale akuti chiperoni cha ku Chigumula nacho chimanyowetsa masamba, ndipo akunena zoona.

Mayi, mukadzapezanso zaka ziwiri za vinyo mmodzi pa shelefu, ngati thumba likulola tenganinso onse awiri. Thirani pang'ono m'matambula awiri, muwaike pa nsalu yoyera pafupi ndi windo masana, muyambe mwaona mtundu musanalawe. Mudzandilemberenso zimene mwaona, ndipo ine ndidzakuuzani za mpesa wa ku Chigumula.