Msuweni wake yemwe? Tikambe za Paruthiveeran

Achemwali ena anditumizira imelo sabata yatha, akuti aonera Paruthiveeran, filimu ya Chitamil ya ku India, mpaka kumapeto koma mutu sukugwira. Funso lawo ndi lakuti, mtsikana uja akumufera bwanji mnyamata woti ndi m'bale wake, ndipo kodi bambo ake akukana ukwatiwo chifukwa cha ubalewo?

Ayi achemwali, ubale si vuto olo pang'ono. Mtsikanayo, Muthazhagu, ndi mnyamatayo, Veeran, ndi pachisuweni, ndipo kumidzi ya ku Tamil Nadu mwana wa amalume kapena wa azakhali ndiye amene anthu amayembekezera kuti udzakwatira, mpaka mtsikana woteroyo ali ndi dzina lake, murai ponnu. Ifenso tisadabwe kwambiri, si paja kwathu kuno msuweni timamuseleula kuti "mkazi wanga" ndipo agogo ena anamangadi banja pachisuweni pomwepo?

Chikuwawa bambo ake a mtsikanayo, Kazhuvathevan, ndi nkhani ya caste, kugawa anthu m'mitundu yapamwamba ndi yapansi potengera kubadwa. Bambo ake a Veeran anakwatira mkazi wa mtundu umene kumeneko amauyesa wapansi, ndiye kwa mkuluyu mnyamatayo ndi wamagazi osakanikirana basi, olo akanakhala wopemphera chotani. Komanso tinene zoona, Veeran mwiniwakeyo sakudzithandiza, kumwa, ndewu, kulowa ndi kutuluka mu selo limodzi ndi Chevvazhai, m'bale wa bambo ake amene anamulera, ndipo loto lake lalikulu pamoyo ndi lakuti tsiku lina akamangidwe kundende yaikulu ya ku Chennai kuti atchuke. Munthu wotere ndani angamupatse mwana? Koma onetsetsani, bamboyo akakwiya, mtima wake uli pa mtundu kuposa pa mowawo.

Nanga mtsikanayo? Bwererani pomwe ali ana, Muthazhagu wagwera m'chitsime, Veeran nkumupulumutsa. Kuyambira tsiku limenelo anatsimikiza mumtima, amumenye bambo ake, amunyoze Veeran yemweyo, iye sasuntha. Ine ndimaona kuti filimuyi ndi ya Priyamani, amene anasewera Muthazhagu, kuposa Karthi, amene anasewera Veeran, ngakhale Karthi anasewera bwino zedi poti inali filimu yake yoyamba ngati mwini filimu. Priyamani anapata nayo National Film Award ya mzimayi wosewera bwino, ndipo ukaona nkhope yake yopanda zodzola pa dzuwa la kumidzi ya ku Madurai kuja sungatsutse.

Dayilekita wake, Ameer, anaitulutsa mu 2007, nyimbo ndi za Yuvan Shankar Raja, mwana wa Ilaiyaraaja. Mukafuna kuona komwe mafilimu akumudzi oterewa anagwirira moto sakani 16 Vayathinile ya Bharathiraja ya 1977, muli Sridevi, Kamal Haasan ndi Rajinikanth akadali achichepere, nyimbo zake ndi za Ilaiyaraaja yemweyo.

Kwa amene simunaonere Paruthiveeran, mathero ake sindiulula, koma ana muwagoneke kaye. Ine nditamaliza ndinangozimitsa laputopu, nsima inazizira pa tebulo.