Kodi PS5 imakulitsadi magemu?

Mbale wina wanditumizira imelo sabata yathayi. Akusunga ndalama zoti asiye PS4 yake n'kugula PS5 (makina osewerera magemu a PlayStation, opangidwa ndi kampani ya Sony), ndiye akufuna kudziwa ngati makina atsopano amachititsa kuti dziko la m'gemu likule.

Achimwene, kukula kwa mapu kokha si nkhani ya makina. GTA San Andreas inatuluka mu 2004 pa PS2, kamakina ka memore (malo osungira zomwe gemu ikugwiritsa ntchito panthawiyo) ya 32MB basi, koma munali mizinda itatu: Los Santos, San Fierro ndi Las Venturas, kuphatikizapo midzi ndi chipululu. Chinsinsi chake chinali chakuti gemuyo inkangonyamula pamalo pomwe mwaima ndi pafupi pake, zakutali n'kuzibisa m'chifunga. Mukaponda moto kwambiri, nyumba zinkangotulukira pamaso panu ngati zamatsenga.

Chomwe chinkamanga manja opanga magemu ndi liwiro lotengera zinthu pa disiki. Hard disk ya PS4 inkawerenga pakati pa 50MB ndi 100MB pa sekondi. Mukukumbukira mmene munthu wanu wa m'gemu ankadzipanikizira pang'onopang'ono pakampata ka miyala, kapena kukwera chikepe chosafika msanga? Sikuti ankakongoletsa nkhani ayi. Ankakuchedwetsani dala kuti makina atsanulire malo otsatirawo m'memore. Mark Cerny, yemwe anatsogolera kapangidwe ka PS5, anafotokoza mu 2020 kuti mu Spider-Man wa pa PS4 zinthu zina anazilemba pa disiki maulendo 400, kuti makina asamataye nthawi kuzisakasaka kutali. SSD, disiki yothamanga ya mu PS5, imafika 5.5GB pa sekondi, ndipo memore inachoka pa 8GB kufika pa 16GB. N'chifukwa chake mu Ratchet & Clank: Rift Apart ya 2021 mumalowa pachibowo n'kupezeka kudziko lina m'kanthawi kochepa.

Choncho chimene mudzaone si dziko lotambalala kuposa kale, koma lothithikana: anthu ambiri mumsewu, masamba pamtengo, kudikira kochepa. Komatu chilichonse chimenecho pamafunika munthu wochijambula, ndipo munthuyo amalandira malipiro. Zikalata zomwe Sony inapereka kukhoti ku America mu 2023 zinaulula kuti Horizon Forbidden West inadya madola 212 miliyoni, zaka zisanu, ndi antchito oposa 300. Apa ndi pamene pali malire enieni masiku ano, osati m'bokosi lili pansi pa TV yanu.

Ine gemu yomwe inandidabwitsa kwambiri pa kukula ndi Zelda: Tears of the Kingdom ya 2023, yokhala ndi zilumba kumwamba, mtunda, ndi dziko lina pansi panthaka, pa Switch, makina a Nintendo, ya 2017 ya memore ya 4GB.

Gulani PS5 ngati mwatopa ndi kudikira. Koma muyambe mwawerengera mabando, chifukwa magemu ena akuluakulu amadutsa 100GB, ndipo mukangowaika amapemphanso update.