Bwalo la Owerenga: Chaka Choyamba cha Geology

Makalata a mwezi uno akhudza phunziro loyamba la geology, sayansi ya miyala, pa yunivesite. Akuyankha ndi anzathu ophunzitsa phunziroli ndi ena ogwira ntchito ya miyala kuno ku Harare.

Zam'kalasi ndikuzimva, koma mayeso a mu labu andigwetsa kawiri. Amatiyalira miyala pa tebulo kuti titchule maina. Ndinaloweza zithunzi za m'buku, koma ndikafika pamenepo miyala yonse yoyera ikungofanana. Nditani?
*Mnyamata wa ku Mufakose*

Achimwene, zakugwetsani ndi zithunzizo. Kuyera kapena kufiira kwa mwala ndiye mboni yonama kuposa zonse. Quartz yemweyo amapezeka woyera, wapinki, wapepo, ngakhale wakuda ngati utsi. Mwala sauzindikira pongouyang'ana, amauyesa.

Yambani ndi kulimba. Sikelo ya Mohs, ya m'chaka cha 1812, imayambira pa talc pa 1 kukathera pa diamondi pa 10. Zoyesera muli nazo kale: chikhadabo chanu chili cha pa 2.5, mpeni ndi galasi cha pa 5.5. Miyala yoyera ikukusautsaniyo imasiyana pomwepa. Chikhadabo chikaukanda, ganizirani gypsum, wa pa 2. Chikalephera koma mpeni n'kuukanda mosavuta, mwina ndi calcite, wa pa 3. Mwalawo ukakanda galasi, mwatsala ndi feldspar wa pa 6 kapena quartz wa pa 7.

Apa pali misampha iwiri. Mpeni ukadutsa pa quartz umasiya kamzere kotuwa, wophunzira n'kulemba kuti wakandika. Chimenecho ndi chitsulo cha mpeni chomwe chaperesekera pamwalapo. Pukutani ndi chala chonyowa. Mzere ukafufutika, sunakandike. Msampha wina ndi kuyesa kunja kwa mwala komwe kwadyeka ndi mvula. Feldspar wakhalitsa panja amasanduka dongo loyera, ndipo chikhadabo chimalowa. Funani mbali yosweka kumene.

Kenako onani kaswekedwe. Tembenuzani mwalawo pang'onopang'ono moyang'anitsa ku windo. Ngati timalo tosalala tambiri tanyezimira nthawi imodzi ngati masitepe, ndiye cleavage imeneyo. Feldspar ali nayo mbali ziwiri zokumana ngati ngodya ya njerwa. Quartz alibiretu, amasweka mokhotakhota ngati botolo. Mica amasendeka ngati mapepala. Calcite ali ndi mbali zitatu zopendekeka, ngati bokosi la machesi lomwe mwalikankhira kumbali. Pa miyala yakuda, pyroxene amakumana pafupifupi pa madigiri 90, pomwe amphibole ndi pa 60 ndi 120. Izi simungazione popanda lenzi ya x10, yokulitsa chinthu kakhumi, ndipo ambiri amaigwira molakwika. Lenzi imakhala pafupi ndi diso, mwala ndiwo mumaubweretsa mpaka uoneke bwino.

Asidi wa mu labu ndi hydrochloric wosungunulidwa, nthawi zambiri 10 peresenti. Dontho limodzi lakwana. Calcite amachita thovu nthawi yomweyo. Dolomite, monga wa ku mapanga a Chinhoyi, amakhala duu mpaka mutamukanda n'kudonthezera pa ufa wake. Chenjeraninso ndi fumbi la calcite lochokera m'manja mwa amene anagwira mwalawo inu musanafike.

Papepala lembani zimene mwaona: kulimba, kaswekedwe, kanyezimiridwe, mtundu wa ufa wake. Dzina libwere pamapeto. Dzina lolakwika lokhala ndi zoona zisanu pamwamba pake limapatsa wochonga poyambira kukupatsani malikisi. Dzina lolakwika lili lokhalokha ndi ziro.

Mwana wanga wamkazi akufuna ndalama za nyundo, kampasi, lenzi ndi nsapato. Zonsezi n'zofunikadi? Nyundo ya bambo ake ya ukalipentala ilipo.
*Mayi wa ku Mabvuku*

Mayi, nyundo ya bamboyo ikhale pakhomo. Inapangidwira misomali, ndipo ikamenya granite imatha kuthetheka, kachitsulo n'kulowa m'diso. Ya geology ili ndi mutu wangodya zinayi ndi chitsulo chopirira mwala. Ngakhale ndi imeneyo avale magalasi oteteza maso, ndipo asamenyetse nyundo ziwiri pamodzi.

Mugule lenzi ya x10, kope lachikuto cholimba, mapensulo chifukwa inki imayenderera ikanyowa, chipewa, ndi nsapato zogwira akakolo. Kampasi yokhala ndi choyezera kupendekeka ndiyo yodula. Ayambe wafunsa ku dipatimenti ngati amabwereketsa. Ndalama ya ulendo wa kutchire yokha musaiumire. Phunziro ili silitheka ndi buku lokha.

Tikayeza strike ndi dip pa thanthwe limodzi, manambala anga amasiyana ndi a anzanga, nthawi zina ndi madigiri 20. Ndikulakwitsa pati?
*Mtsikana wa ku Highfield*

Achemwali, tiyambe ndi madzi. Thirani pang'ono pa thanthwe lopendekekalo. Komwe akutsikira ndiko kolowera dip, ndipo dip yeniyeniyo ndi kukula kwa kupendekekako, kuyambira madigiri 0 mpaka 90. Strike ndi mzere wosakwera wosatsika wodutsana ndi njira ya madziyo mopingasa. Mukalemba 040/35 SE mukunena kuti strike yaloza madigiri 40 kuchokera kumpoto, ndipo thanthwelo latsika ndi madigiri 35 chakummwera cha kum'mawa. Mukaiwala SE uja, wowerenga sadziwa ngati lapendekera uku kapena uko.

Kusiyana kwa madigiri atatu kapena asanu si nkhani, thanthwe si tebulo. Ikani kope lanu pamwalapo ndipo muyezere pa chikuto, kuti timabampu tisakusokonezeni. Koma 20 ndi wambiri, ndipo kawirikawiri wolakwa ndi chitsulo. Nyundo, foni, chitsulo cha lamba, waya wa mpanda, zonsezi zimakoka singano ya kampasi. Mwala womwewo umathanso kuikoka. Dolerite wambiri wa ku Mashonaland ali ndi magnetite, mwala wachitsulo wokoka singano, ndipo banded ironstone, mwala wa mizere ya chitsulo wa m'madera a miyala yakale yobiriwira yotchedwa greenstone, ndiye woposa. Yesani motere: yang'anani singano muli chiimire, kenako tsitsani kampasi pang'onopang'ono kufika pamwala. Singano ikasuntha, imani patali ndipo muyeze moloza ndi maso.

Onaninso ngati makampasi anu nonse akonzedwa mofanana. Kumpoto kwa maginito ndi kumpoto kwa pa mapu n'kosiyana, ndipo kuno singano imapatukira chakumadzulo. Kusiyanako kumalembedwa m'mphepete mwa mapu a 1:50 000, pamodzi ndi chaka chomwe kunayezedwa, chifukwa kumasintha.

China chimene timaona kawirikawiri ndi kuyeza chinthu cholakwika. Mng'alu si bedding, kutanthauza magawo a mwala oyalidwa mosanjikizana. Ku Domboshava thanthwe limasendeka zikhungwa ngati anyezi, ndipo ophunzira amathamangira kulemba bedding. Koma lija ndi granite, chiphalaphala chomwe chinazizirira pansi pa nthaka, sichinayalidwe ndi madzi ngati sandstone. Zikhungwazo ndi ming'alu yobwera pamene miyala yolemera yomwe inali pamwamba inakokoloka. Manambala ake alembeni, koma muwatchule kuti ndi a joint. Mwala wogubuduka wosalumikizana ndi thanthwe la pansi musauyeze n'komwe. Ndipo pakhoma la msewu wodulidwa m'phiri, kupendekeka komwe mukuona kumachepa poyerekeza ndi dip yeniyeni, pokhapokha khomalo litadula strike mopingasa.

Akuti Great Dyke, mzere wautali wa miyala wodutsa pakati pa Zimbabwe, ili ndi zaka 2,575 miliyoni. Anawerenga ndani? Ndi carbon ija timamva?
*Bambo wa ku Epworth*

Ayi bambo, carbon-14 safika kumeneko. Theka lake limatha m'zaka 5,730, choncho amathandiza pa mafupa ndi makala osapitirira zaka pafupifupi 50,000. Pa miyala yakale amagwiritsa ntchito timakristalo monga zircon, tomwe popangika timalola uranium koma timakana mtovu. Mtovu wopezekamo lero ndi wochokera ku uranium, ndipo theka la uranium-238 limatenga zaka 4,470 miliyoni kuti lisanduke. Akayeza kuchuluka kwa ziwirizi, zaka zimatuluka.

Wa chaka choyamba amayamba ndi lamulo losafuna makina: chodula ndi chaching'ono kuposa chodulidwa. Great Dyke, yotalika makilomita pafupifupi 550, inang'amba granite ndi greenstone, ndiye kuti inazipeza zilipo kale. Poyerekeza ndi zimenezi, basalt wa ku Victoria Falls, wa zaka pafupifupi 180 miliyoni, ndi wadzulodzulo. Chigwa cha Nyanja ya Malawi ndiye chikung'ambikabe, n'chifukwa chake Karonga inagwedezeka ndi zivomerezi mu 2009, pomwe Harare yakhala pa thanthwe lakale lokhazikika.

Miyala yosanjikizana ya kwanu ku Chiremba sinasanjidwe ndi munthu. Madzi analowa m'ming'alu ya granite ali pansi pa nthaka n'kudya ngodya zake, kenako zofumbutukazo zinakokoloka, mitima yolimba n'kutsala itakhalirana.

Amalume abwera kuchokera ku Shamva ndi mwala wonyezimira chikasu. Akuti poti ndikuphunzira geology ndiwauze ngati ndi golide.
*Wophunzira wa ku Mbare*

Tengani singano ndi tailosi. Golide ndi wofewa, cha pa 2.5 mpaka 3 pa sikelo ya Mohs ija, ndipo singano imamubowola ngati mtovu osamuswa. Pyrite, mwala wachikasu wooneka ngati golide, ali pa 6 kapena kuposerapo, singano imaterereka, ndipo nyundo imamusandutsa ufa. Khwekhwerezani kuseri kwa tailosi kosapaka: golide amasiya mzere wachikasu, pyrite wakuda mobiriwira. Golide amalemera kuposa madzi ka 19, pyrite kasanu kokha. Tizidutswa touluka m'madzi posefa ndi mica.

Akakhala pyrite, musawauze amalume kuti pamalopo palibe kanthu. M'madera a greenstone golide amabisala mkati mwa pyrite mosaoneka ndi lenzi, ndipo ndi labu ya assay yokha, yoyeza zitsulo m'miyala, inganene magalamu ake pa tani. Labuyo imayeza chimene mwaipatsa: kamwala konyezimira kosankha ndi maso kamatulutsa nambala yonamiza, choncho sampulo idulidwe mopingasa mtsempha wonse wa quartz, kuchokera khoma ili kufika linalo. Muwakumbutsenso kuti m'Zimbabwe kusunga golide popanda chilolezo ndi mlandu.