Za Generations mwafunsa zija, azakhali

Azakhali, mwaswera bwanji ku Mufakose? Ndamva uthenga wanu uja, woti mwayambanso kuonera Generations, sewero la pa TV la ku South Africa lija, kwa ana koma simukutolapo kanthu, Sibusiso kulibe, Queen kulibe, Dineo kulibe, ndiye mukufunsa ngati ndi sewero lomwe lija kapena lina. Eee, ndi lomwelo, komanso si lomwelo. Musadandaule kuti mwina mwaiwala, mutu wanu uli bwinobwino. Nkhaniyo inaduka pakati, ndipo chinaidula ndi mkangano wa ndalama, osati olemba.

Inu munalekezera 2013, nthawi ija madikoda a Wiztech anazima Harare yonse atatseka ma channel a SABC, wailesi ya kanema ya ku South Africa. Ndiye zazikulu zinachitika chaka chotsatira, muli mumdima. Mu Ogasiti 2014 osewera 16 ananyanyala ntchito. Ankafuna malipiro akwere, makontirakiti akhale a zaka zitatu, komanso azilandira kenakake sewerolo likamabwerezedwa kapena kugulitsidwa kumayiko ena. Mwiniwake Mfundi Vundla, amene analiyambitsa mu 1994, sanalole, ndipo onse 16 anachotsedwa. Menzi Ngubane, ndiye Sibusiso wanuyo. Sophie Ndaba, Queen. Katlego Danke, Dineo. Seputla Sebogodi, uja ankakhala Kenneth Mashaba. Winnie Ntshaba, Khethiwe. Mukuona, si anthu ongodutsa kumbuyo ayi, ndi eni nkhani.

Tsono apa mumvetsetse, chifukwa ndi pamene pagona yankho lanu. Masewero a tsiku ndi tsiku ngati awa sajambula lero n'kuonetsa mawa. Amajambuliratu masabata angapo patsogolo. Anthu aja atachotsedwa, magawo ojambulidwa kale anapitirira kuoneka mpaka pa 30 Seputembala, kenako nkhokwe inatha. Kuti munthu atuluke bwino m'nkhani, pamafunika wosewerayo abwere adzajambule imfa yake, kapena ukwati, kapena akukwera ndege. Nanga munthu wamuchotsa ntchito mokangana, abwera kudzatsanzika? Ndiye nkhani zonse zimene zinali pamoto zinangosiyidwa choncho, zosapsa. Miyezi iwiri Generations kunalibe, nthawi ya 8 koloko ija anaikapo sewero lina, Skeem Saam.

Pa 1 Disembala 2014 linabweranso ndi dzina loti Generations: The Legacy, ndipo olemba anati papita zaka 20. Nzeru yake ndi yosavuta. Ukalumpha zaka 20 suyenera kufotokoza aliyense. Wina ungomutchula kamodzi pakamwa pa mnzake, wina osamutchula n'komwe, woonera azingoganiza yekha kuti kaya anamwalira, kaya anasamuka. Kuti anthu asathawe, anabwezamo nkhope zakale, Connie Ferguson ngati Karabo Moroka, amene anali atachoka mu 2010, ndi Rapulana Seiphemo ngati Tau Mogale. Awiriwa ndiwo anali mlatho.

Koma chigambacho chikuoneka ulusi, azakhali, ndipo okonda sewero amakanganabe mpaka lero. Werengani nokha. Lakale latha mu 2014, muonjezepo 20, ndiye kuti latsopano likuchitika mu 2034. Koma mafoni m'manja mwawo anali a 2014, magalimoto a 2014, Johannesburg yemweyo. Karabo anayenera kuoneka gogo, koma anabwera tsitsi lili bii, nkhope yosalala ngati wangochoka dzulo. Ana okha ndiwo anakula. Ine ndimati pamenepo analakwitsa, akanati zaka zisanu kapena khumi zikanamveka, koma ankafuna m'badwo watsopano wa a Moroka woti ukhale pamipando ya kampani nthawi yomweyo, a Mazwi ndi a Smanga, ndiye anakoka zaka mpaka zikwane.

Lucy amene mukumufunsayo, wolongolola uja, ndi Manaka Ranaka. Iye ndi wa banja la Diale la ku Alexandra, pamodzi ndi mchimwene wake Cosmo komanso agogo awo Gog'Flo. M'sewero lakale kunalibe, choncho musavutike kumusaka m'mutu. Jack Mabaso ndiye wina wakale weniweni, Vusi Kunene yemwe uja, anabwereranso mu 2016, ndipo olemba anamumangirira ku banja latsopanoli pomupanga bambo wa Namhla, mwana wa Lucy. Ndi mmene amasokera zakale ndi zatsopano, amatenga munthu amene mumamudziwa n'kumupatsa mwana amene simunamumvepo, n'kunena kuti zinachitika m'zaka zija simunaone. Palibe angatsutse, poti zakazo palibe anazionera. Chaka chomwecho cha 2016 Connie anachokanso kukapanga sewero lina lotchedwa The Queen pa channel ya Mzansi Magic ndi mwamuna wake Shona Ferguson.

Mukamaonera, munthu akasowa mwadzidzidzi, dziwani kuti njira n'zitatu basi. Amamupha, amamutumiza kutali, kapena amaika wosewera wina pa dzina lomwelo. Akamutumiza kutali ndiye kuti sanakangane, khomo alisiya lotsegula. Akamupha, yang'anani ngati mtembo mwauona ndi maso. Galimoto yapsa koma thupi silinapezeke, kapena wagwera m'madzi, ameneyo musalire, kontirakiti ikakonzeka adzatulukira. Ngakhale maliro enieni a bokosi nthawi zina amawabweza, amati munali munthu wina.

Kuti mugwire msanga, musayambe kusaka magawo akale pa YouTube, mungomaliza data ya ana. Onerani sabata imodzi yathunthu, Lolemba mpaka Lachisanu, nthawi ya kuno ndi ya ku Joni ndi imodzi. Aliyense akaoneka muzingodzifunsa kuti ndi wa kwa Moroka, wa kwa Diale, kapena ndi wa ndalama zakuda. Magetsi akazima tsiku limodzi palibe vuto, amabwereza nkhani yomweyo pakamwa pa anthu atatu. Koma Lachisanu yesetsani, ndi pamene amaponya bomba.

Za Sibusiso, pepani azakhali, ameneyo musamudikire. Menzi Ngubane atachoka anakasewera Isibaya ngati Judas, ndipo anamwalira mu Malichi 2021. Mukaona dzina lina lakuzunguzani munditumizire pagulu pompano, kapena mujambule TV-yo ndi foni. Mupereke moni kwa onse kunyumbako.