Kwa achemwali amene akufuna dzina la bambo a agogo awo

Achemwali, mwafunsa kuti mungalipeze kuti dzina lenileni la bambo a agogo anu, amene mumangomva kuti anali a kwa Mwambo ndipo anapita ku nkhondo ya azungu osabwerako. Ambiri akuuzani kuti muthamangire ku National Archives, kosungira mapepala akale a boma ku Zomba. Kumeneko mudzapita ndithu, koma mukapita lero ndi dzina limodzi lomwe muli nalolo mukangotha tsiku pachabe. Ine ndinayamba choncho, ndinabwerako chimanjamanja.

Anthu a nthawi imeneyo sankakhala ndi dzina limodzi. Panali la paubwana. Mnyamata akatuluka ku jando kapena ku chinamwali ankabwera ndi lina, ndipo kumuitana lakale lija chinali chipongwe. Akabatizidwa, lina. Akakalembedwa ntchito ku esiteti kapena usilikali, kalaliki ankalemba lomwe khutu lake lamva, mwinanso lomwe mzungu wangomupatsa, n'chifukwa chake tili ndi mabanja a Supuni ndi a Tebulo. Ndiye dzina limene mumalidziwa kunyumba likhoza kukhala loti silinalembedwepo m'buku lililonse.

Yambirani kumudzi, kwa mayi wamkulu kwambiri wa pa mbumba yanu. Koma dziwani ichi: kuno kwathu, kaya ndi Anyanja, Ayao kapena Alomwe, timatsata kuchikazi. Akuluakulu amakumbukira bwino agogo aakazi ndi amalume, chifukwa minda ndi ufumu zimadutsa mwa iwowo. Munthu amene mukumufunayo mwina anali mkamwini chabe pamudzipo, ankangomutchula ndi mfunda wake, aPhiri kapena aMbewe, basi. Choncho funsani kuti anachokera mudzi uti, nkhoswe yake inali ndani, alongo ake anasiya ana kuti. Kwa alongo akewo ndi kumene kuli mayina ake onse. Za chaka musawavutitse nazo. Funsani kuti pa nkhondo ya Chilembwe mu 1915 anali atakwatira kale kodi, nanga pa njala ya 1949 anali atapita kale? Mayankho amenewo adzakuuzaninso nkhondo yake, ngati ndi ya 1914 mpaka 1918 kapena ya 1939 mpaka 1945 imene asilikali athu anakafika nayo ku Burma.

Mukatero pitani ku tchalitchi chimene banjalo linkapemphera. Mishoni ya Domasi inayamba mu 1884, ansembe a Montfort anafika ku Nzama mu 1901 n'kumafalikira chakummwera kuno, ndipo onsewa ankalemba mabuku a ubatizo ndi a ukwati. Boma la atsamunda silinkalemba kubadwa kwa mwana wa kumudzi, ndiye mabuku amenewa ndiwo chuma chathu.

Ine agogo a mayi anga ndinawapeza m'buku lotero. Mkulu wa mpingo analitulutsa m'kabati litakulungidwa m'chitenje, inki itasanduka yofiirira, ngodya yam'munsi chiswe chitadya. Tsamba lawo ndinalidutsa kawiri osawazindikira, poti pamene ife timalemba l panali r, ndipo h yomwe timaika ife panalibe. Chinandiimitsa ndi dzina la mudzi ndi la mkazi wawo, lomwe azakhali anga anandiuza tikusenda chinangwa pakhonde. Nditabwerera kukawawerengera mzere umenewo anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Eya, ndi omwewo, ankatero powaitana kutchalitchi." Chaka cha ubatizo wawo chinapita ndi chiswe, ndipo mpaka lero zimandipweteka. Ngati banja lanu linali la Chisilamu, mabuku otere musawayembekezere kwambiri, dalirani mashehe ndi akuluakulu a pamzikiti.

Tsopano ku Archives, komwe kuli konkuno ku Zomba chiyambire 1947, nthawi imene tauniyi inali likulu la dziko. Kuli mabuku a ma DC, malipoti a pachaka, milandu ya kukhoti ndi makalata a mikangano ya ufumu. Munthu wamba amaonekamo ngati anali ndi mlandu, anali mboni, kapena anali pa mzere wa unyakwawa. Pitani ndi mayina onse aja, dzina la nyakwawa ya nthawiyo ndi la mfumu yaikulu, komanso chitupa chanu. Muzifufuza ndi kalembedwe kakale: Mulanje ankalemba Mlanje, Thyolo inali Cholo, Mangochi inali Fort Johnston, Nsanje inali Port Herald. Alomwe ambiri m'mapepala amenewa analembedwa kuti Anguru, dzina limene eni ake salikonda, koma mukalilumpha muphonya zambiri.

Poti mwatchula nkhondo, imani pa chipilala cha King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda, pafupi ndi Cobbe Barracks konkuno ku Zomba, muwerenge mayina a asilikali amene anafa pa nkhondo yoyamba ija. Werengani mokweza, khutu limagwira zimene diso laphonya. Mukapanda kumupeza musataye mtima, chifukwa amuna ochuluka anatengedwa ngati atengatenga, onyamula katundu wa asilikali, ndipo ambiri amene anafera m'njira mayina awo sanalembedwe pamwala. Enanso amene kumudzi amati anapita ku nkhondo anatsikira ku Salisbury (Harare ya lero) kapena ku Joni n'kukhala matchona.

Agogo anuwo akadalipo, pitani mvula isanayambe, msewu wa ku Chilwa usanavute. Atengereni shuga ndi sopo, muwapemphe kuti muwajambule mawu pa foni, ndipo musawadule akayamba kupatukira nkhani zina. Mukabwerako lembani pano dzina la mudzi ndi mpingo wake, tithandizane kuona buku loyenera kuyambira.